Chifukwa chomwe Ubuntu ndi Debian anachotsera bash pa udindo wa sh

Pakati pa zinthu zambiri zimene anthu okonza mtundu wa Linux amayenera kugwirizana asanautulutse, pali chimodzi chimene munthu wamba wogwiritsa ntchito kompyuta sachiona ndi maso, ngakhale chimakhudza pafupifupi pulogalamu iliyonse ya m'makinamo, ndipo chinthucho ndicho kusankha pulogalamu yoti iziyankha pamene makina aitana dzina lakuti sh. Nkhani ya lero ikulongosola chisankho chimenechi potsatira zimene zinachitika ku Ubuntu mu 2006 ndi ku Debian mu 2011, pamene akonzi a mitundu iwiriyi anachotsa pulogalamu yotchuka ya bash pa udindowo n'kuikapo ina yaing'ono yotchedwa dash.

Linux payokha ndi kernel, kutanthauza chigawo chapakati cha mapulogalamu chimene chimalamulira memory, disiki, kiyibodi ndi zipangizo zina za kompyuta, ndipo Linus Torvalds anayamba kuilemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Popeza kernel yokha singathandize munthu kulemba kalata kapena kutsegula tsamba la pa intaneti, magulu osiyanasiyana amaitenga, n'kuiphatikiza ndi mapulogalamu ena ambirimbiri, n'kutulutsa chinthu chathunthu chimene akatswiri amachitcha distribution, ndipo m'nkhani ino chikutchedwa mtundu wa Linux. Debian inayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, pamene Ubuntu inatuluka koyamba mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo inamangidwa pamwamba pa ntchito ya Debian. Fedora, Arch ndi Alpine ndi mitundu inanso, uliwonse ndi akonzi ake ndi mfundo zake. Mu mtundu uliwonse mumakhala shell, yomwe ndi pulogalamu yolandira malamulo olembedwa m'mawu, kuwamasulira, ndi kupempha kernel kuti iyendetse mapulogalamu amene atchulidwa m'malamulowo.

Shell imagwira ntchito ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza, ndipo mkangano wonse wa bash ndi dash sungamveke bwino ntchito ziwirizi zisanalekanitsidwe. Ntchito yoyamba ndiyo kucheza ndi munthu amene wakhala pa kiyibodi: amalemba lamulo, shell imaliyendetsa, n'kumuonetsa zotsatira, kenaka n'kudikira lamulo lina. Shell yogwira ntchito imeneyi imatchedwa login shell, imalembedwa m'gawo lachisanu ndi chiwiri la mzere wa munthu aliyense mu fayilo ya /etc/passwd, ndipo mwini wake angathe kuisintha ndi lamulo la chsh malinga ngati shell imene akufunayo ili pa mndandanda wa mu fayilo ya /etc/shells. Ntchito yachiwiri ndiyo kuwerenga script, kutanthauza fayilo yokhala ndi malamulo ambiri olembedwa motsatizana, n'kuwayendetsa popanda munthu woyang'anira. Script imanena yokha pa mzere wake woyamba shell imene ikufuna, ndipo mzerewo umayamba ndi chizindikiro cha hashi ndi cha mfuuliro, kenaka malo amene shell ikupezeka. Unyinji wa ma script a m'makina a Unix ndi Linux umatchula /bin/sh.

Pa Linux, /bin/sh nthawi zambiri sikhala pulogalamu yeniyeni koma cholozera chabe, chimene chimatumiza woitanayo ku pulogalamu ina, ndipo pulogalamu imene cholozeracho chikuloza ndiyo imatchedwa shell ya makina. Oitana dzinali ndi ambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Pulogalamu yolembedwa m'chinenero cha C ikafuna kuyendetsa lamulo kudzera mu system kapena popen, imadutsira pa /bin/sh. Cron, imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imadutsira pomwepo ngati sinauzidwe zina. Make, imene imamanga mapulogalamu kuchokera ku zolemba za akatswiri, imachitanso chimodzimodzi. Ndipo ma script ambiri amene amayenda pamene phukusi la pulogalamu likuikidwa kapena kuchotsedwa amatchula dzina lomweli. Motero munthu angasinthe login shell yake kangapo pa tsiku osavulaza wina aliyense, koma akonzi akasintha chimene /bin/sh ikuloza, asinthira onsewa nthawi imodzi.

Dzina lakuti sh ndi lakale kuposa Linux. Ken Thompson analemba shell yoyamba ya Unix ku Bell Labs mu 1971, ndipo Stephen Bourne analemba ina yamphamvu kwambiri imene inatuluka ndi Version 7 Unix mu 1979 n'kutenga dzina lomwelo. Shell ya Bourne inali katundu wa kampani ya AT&T, choncho amene ankafuna makina a Unix oti aliyense agawane momasuka anayenera kulemba yawoyawo, ndipo m'chaka chimodzi, 1989, munatuluka ziwiri zimene zikupikisanabe mpaka lero. Brian Fox, amene ankagwira ntchito ku Free Software Foundation, anatulutsa bash, imene pambuyo pake Chet Ramey anaitenga n'kumaisamalira, ndipo cholinga chake chinali kuchita zonse za shell ya Bourne n'kuwonjezerapo zabwino zochokera ku C shell ya Bill Joy ndi KornShell ya David Korn. Kenneth Almquist anatulutsa ash, imene inali yaing'ono ndi yopepuka, ndipo mitundu ya Unix yotchedwa BSD inaitenga kukhala sh yake. Mu 1992 bungwe la IEEE linatulutsa gawo la muyezo wa POSIX lofotokoza zimene shell iliyonse yodzitcha sh iyenera kuchita, kotero kuti kuyambira pamenepo dzinali linasanduka lonjezo lolembedwa: script imene yatsatira POSIX iyenera kuyenda pa sh iliyonse, kaya ndi ya yani.

Bash inakhala pa /bin/sh ya Linux mosachita kusankhidwa pa msonkhano uliwonse. Inali imodzi mwa mapulogalamu oyambirira amene Torvalds anayendetsa pa kernel yake mu 1991, mitundu yoyamba ya Linux inatenga zida za GNU za Free Software Foundation, kuphatikizapo bash, monga zinalili, ndipo popeza bash inkagwira bwino ntchito zonse ziwiri, panalibe chifukwa chosungira ma shell awiri. Komabe ash sinafe, chifukwa mu 1997 Herbert Xu anaisamutsa kuchoka ku NetBSD n'kuibweretsa ku Debian, ndipo mu 2002 inapatsidwa dzina lakuti dash, chidule cha Debian Almquist shell. Kwa zaka zingapo inangokhala phukusi limodzi mwa ambiri, loikidwa ndi okhawo amene ankalifuna.

Vuto linakula pang'onopang'ono chifukwa cha khalidwe limodzi la bash. Ikaitanidwa ndi dzina lakuti sh, bash imasintha zina ndi zina kuti ifanane ndi zofuna za POSIX, koma sikana zowonjezera zake zambiri, kotero kuti munthu wolemba script angatchule /bin/sh pa mzere woyamba, n'kugwiritsa ntchito kalembedwe kopezeka mu bash kokha m'mizere yotsatira, script n'kuyenda bwinobwino popanda chomuchenjeza. Kalembedwe kotereka akatswiri amakatcha bashism. Zimafanana ndi kalaliki wa pa ofesi amene amalandira fomu iliyonse ngakhale yolembedwa molakwika chifukwa amadziwa chomwe wolembayo amatanthauza, ndipo anthu amadzazindikira kuti akhala akulakwitsa zaka zonsezi pa tsiku limene kalalikiyo wasamutsidwa n'kubwera wina wotsatira malamulo ndendende. Pofika 2006, Linux inali itakhala zaka khumi ndi zisanu ndi kalaliki wofatsayo, ndipo ma script osawerengeka anali atalembedwa ndi anthu amene sanaonepo sh ina kupatula bash.

Mu Okutobala 2006 kunatuluka Ubuntu 6.10, yotchedwa Edgy Eft, ndipo /bin/sh yake inkaloza dash, pamene bash inasiyidwa kukhala login shell ya anthu monga kale. Chifukwa chachikulu chimene akonzi anapereka chinali liwiro. Pa nthawiyo kompyuta ya Linux ikayatsidwa inkayendetsa ma script ambiri motsatizana, ina yokonza netiweki, ina yolumikiza madisiki, ina yodzutsa mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo, ndipo script iliyonse inkafuna kuti shell iyambe mwatsopano, nthawi zina kangapo. Fayilo ya pulogalamu ya bash imaposa megabayiti imodzi, pamene ya dash ndi yochepa pafupifupi kakhumi, ilibe mbali zothandiza munthu wa pa kiyibodi zimene script siizifuna, ndipo imadalira mapulogalamu ena ochepa kuti iyende. Kusiyana kwa nthawi imene ziwirizi zimatenga poyamba n'kochepa kwambiri moti munthu sangakuone pa kuyamba kumodzi, koma kukachulukitsidwa ndi maulendo onse amene shell imaitanidwa poyatsa kompyuta kapena pomanga pulogalamu yaikulu kumasanduka masekondi oonekera. Akonzi akanatha kusintha mzere woyamba wa script iliyonse payokhapayokha kuti uzitchula dash, koma kusintha cholozera chimodzi kunali kofulumira, ndipo kunkafika ngakhale pa malamulo odutsira mu system ndi make amene alibe mzere woyamba woti usinthidwe.

Zimene zinasweka pambuyo pake n'zimene zimaphunzitsa zambiri, ndipo zinali za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa zolakwa zimene zimafuula. Wolemba akayerekeza mawu awiri ndi zizindikiro ziwiri za kufanana m'malo mwa chimodzi, dash imadandaula kuti yakumana ndi chizindikiro chosayembekezeka. Akagwiritsa ntchito mabulaketi awiriawiri poyesa ngati chinthu chili choona, dash imanena kuti lamulo lotero siilidziwa. Akalemba mawu akuti source pofuna kuwerenga fayilo ina, pamene POSIX imafuna mpumiro umodzi wokha, zimakanikanso. Ndipo array, kutanthauza dzina limodzi losunga mndandanda wa zinthu, mulibiretu mu dash. Zolakwa zoterezi zimakwiyitsa, koma zimadzionetsa zokha, ndipo munthu wodziwa ntchito amazikonza pa mphindi zochepa.

Mtundu wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa script imapitiriza kuyenda, koma n'kumachita zina zosiyana ndi zimene wolemba ankafuna. Mu bash, lamulo lopanga foda likapatsidwa mayina awiri olekanitsidwa ndi mpatuliro mkati mwa mabulaketi opindika, limapanga mafoda awiri. Mu dash limapanga foda imodzi imene dzina lake lili ndi mabulaketiwo ndi mpatulirowo, ndipo mizere yotsatira imakafunafuna mafoda amene kulibe. Lamulo la echo likapatsidwa chizindikiro cha -e, bash imachimva ngati malangizo, pamene dash imachilemba monga mawu wamba, kotero kuti fayilo ya makonzedwe imene script inkalemba imayamba ndi zilembo ziwiri zosafunika zimene pulogalamu ina idzakanika kuziwerenga mawa lake. Choopsa koposa ndi kalembedwe ka chizindikiro cha ampersand chotsatiridwa ndi chizindikiro cholozera kumanja, kamene mu bash kamatanthauza kutumiza zotsatira zonse ndi madandaulo onse mu fayilo imodzi. Dash imawerenga zizindikiro ziwirizi padera monga POSIX imanenera: ampersand imatumiza lamulolo kukagwira ntchito kumbuyo popanda kulidikira, ndipo chizindikiro chachiwiricho chimangopanga fayilo yopanda kanthu. Script imene inayenera kudikira kuti mafayilo akopedwe isanafufute akale imathamangira ku mzere wofufutawo kukopako kusanathe, ndipo palibe uthenga uliwonse wochenjeza.

Akonzi a Ubuntu anayankha kuti cholakwa chili mu script, osati mu dash, popeza script imene yalonjeza pa mzere woyamba kuti ikufuna sh ilibe ufulu woyembekezera bash, ndipo mankhwala ake ndi awiri: kukonza kalembedwe kuti katsatire POSIX, kapena kusintha mzere woyamba kuti unene zoona, ndiko kutchula /bin/bash. Kwa amene sakanatha kuchita chilichonse mwa ziwirizi anasiya njira yobwezera cholozera ku bash kudzera mu lamulo la dpkg-reconfigure dash. Pa mfundo, yankho limeneli n'lovuta kulitsutsa. Koma mfundo yolondola sichotsa funso lakuti wolipira ndi ndani, ndipo pano wolipira nthawi zambiri sanali wolakwayo. Ma script a m'maphukusi a Ubuntu akonzi akanatha kuwakonza okha, koma pulogalamu yoikira dalaivala wa printa kapena pulogalamu ya malonda yogulidwa ku kampani ina inali kunja kwa manja awo, ndipo munthu amene anaona uthenga wosamvetsetseka pa sikirini anali wogula, amene sanalembe script, sanasankhe dash, ndipo mwina sankadziwa n'komwe kuti shell ndi chiyani. Otsutsa kusinthaku anali ndi mfundo yawo yomveka, yakuti chinthu chimene chagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu chimasanduka lonjezo ngakhale sichinalembedwe mu muyezo uliwonse, ndipo masekondi ochepa opulumutsidwa poyatsa kompyuta ndi phindu laling'ono poyerekeza ndi tsiku lathunthu lotayika pofufuza chifukwa chimene pulogalamu yakanira kulowa.

Debian inafika pa chisankho chomwecho, koma inayenda ulendo wautali. Buku la malamulo ake, lotchedwa Debian Policy, linali litanena kale m'gawo 10.4 kuti script iliyonse ya m'phukusi imene yatchula /bin/sh iyenera kudalira zokhazo zimene muyezo umalola, pamodzi ndi zowonjezera zochepa zotchulidwa mayina, kotero kuti bashism iliyonse m'phukusi la Debian inali kale kuphwanya lamulo, kungoti panalibe choiulula. Akonzi anagwiritsa ntchito chida cha checkbashisms, chimene chimapezeka m'phukusi la devscripts ndipo chimawerenga script n'kuloza mizere yokayikitsa, analembera osamalira maphukusi malipoti a zolakwazo limodzilimodzi, ndipo dash inakhala shell ya makina mu Debian 6.0, yotchedwa Squeeze, imene inatuluka mu Febuluwale 2011, patapita zaka zoposa zinayi Ubuntu atasintha. N'zoona kuti njira ya Debian inali yaulemu kwa ogwiritsa ntchito, koma chilungamo chimafuna kuvomerezanso kuti inapepuka chifukwa Ubuntu anali atalandira kale mkwiyo woyamba, ndipo makampani ndi olemba mapulogalamu ambiri anali atakonza ma script awo m'zaka zimenezo pofuna kuti aziyenda pa Ubuntu.

Zowonjezera zochepa zimene Debian Policy imalola zikuonetsa kuti nkhaniyi si ya oyera ndi ochimwa. Mwa izo muli mawu akuti local, amene amachititsa kuti dzina losunga chinthu likhale la kachigawo kamodzi ka script osasokoneza zigawo zina, ndipo mawuwa sanali mu POSIX, koma olemba ma script ankawafuna kwambiri moti Debian inalamula kuti shell iliyonse yofuna kukhala pa /bin/sh iziwamva. Choncho sh ya Debian si POSIX yeniyeni yopanda chowonjezera, koma ndi mgwirizano wina waung'ono umene akonzi anaulemba poyera, ndipo kusiyana kwake ndi nyengo ya bash n'kwakuti malire ake amadziwika ndipo angawerengedwe pa tsamba limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti chifukwa chimene chinayambitsa zonsezi sichinakhalitse. Mu 2010 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anayambitsa systemd, pulogalamu imene imadzutsa makina pogwiritsa ntchito mafayilo a makonzedwe m'malo mwa ma script a shell, ndipo imayendetsa ntchito zambiri nthawi imodzi. Fedora inaitenga mu 2011, Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 zinaitenga mu Epulo 2015, ndipo kuyambira pamenepo liwiro la shell linasiya kukhala nkhani yaikulu poyatsa kompyuta, ngakhale likuonekerabe pomanga mapulogalamu ndi poika maphukusi ambiri. Fedora, Red Hat Enterprise Linux ndi Arch anasunga bash pa /bin/sh, ndipo maganizo awo si a ulesi: kusamalira shell imodzi n'kosavuta kuposa kusamalira ziwiri, ndipo kampani imene makasitomala ake ndi mabanki ndi mabungwe akuluakulu, okhala ndi ma script akale amene olemba ake anapuma ntchito kalekale, ili ndi chifukwa chomveka choopera kusintha kumene kungaswe zinthu mwakachetechete.

Phindu limene akonzi a Ubuntu sanaliike patsogolo mu 2006 linadzaonekera pa 24 Seputembala 2014, pamene kunalengezedwa chiboo cha chitetezo mu bash chimene Stéphane Chazelas anachitulukira, chimene chinapatsidwa nambala ya CVE-2014-6271 ndi dzina lakuti Shellshock. Pulogalamu iliyonse ikamayambitsa inzake imaipatsira mndandanda wa mayina ndi zimene mayinawo akusunga, ndipo bash inali ndi njira yakeyake yotumizira function, kutanthauza kagulu ka malamulo kopatsidwa dzina, kudzera mu mndandanda umenewu. Cholakwa chinali chakuti poyamba ntchito, bash inkawerenga function yotereyi koma osaima pamene yathera, n'kuyendetsanso malamulo aliwonse olembedwa pambuyo pake. Seva ya pa intaneti yogwiritsa ntchito njira ya CGI imaika mu mndandanda womwewo mawu ena ochokera kwa mlendo wotsegula tsamba, choncho munthu wa kutali akanatha kulemba lamulo m'mawu amenewo, ndipo bash ikangoyamba pa sevayo pa chifukwa chilichonse, lamulo lake linkayenda. Cholakwachi chinali mu bash kuyambira 1989, zaka makumi awiri ndi zisanu chisanaululidwe.

Pa makina amene /bin/sh inkaloza bash, pulogalamu iliyonse yoitana system kapena popen inkadzutsa bash mosadziwa, kotero kuti njira zolowera zinali zambiri, ngakhale m'mapulogalamu olembedwa m'zinenero zina amene olemba ake sanaganizepo za shell. Pa Debian ndi Ubuntu kuitana komweko kunkadzutsa dash, imene ilibe njira yotumizira function imeneyi, ndipo chiopsezo chinatsala pa malo okhawo amene bash inatchulidwa ndi dzina kapena inali login shell ya akaunti yofikiridwa kuchokera kunja. Bash ya pa Debian ndi Ubuntu inali ndi chiboo chomwecho ndipo inayenera kukonzedwa mwachangu monga kwina kulikonse, ndiponso chochitika chimodzi sichitsimikiza kuti dash ilibe zolakwa zake. Chimene chinaoneka n'chakuti pulogalamu imene imaitanidwa ndi aliyense, nthawi zonse, ngakhale ndi amene sakudziwa kuti akuiitana, ndi bwino ikhale ndi zochita zochepa, popeza mbali iliyonse yowonjezera, ngakhale imene palibe akuigwiritsa ntchito, imayenda nayo kulikonse kumene yaitanidwa. Pa mfundo imeneyi, kulekanitsa shell ya munthu ndi shell ya makina kuli ndi maziko olimba kuposa masekondi a poyatsa kompyuta, ndipo n'chifukwa chokwanira chonenera kuti Debian ndi Ubuntu anasankha bwino, ngakhale chifukwa chimene anapereka poyamba chinatha mphamvu.

Makina ena anasankha mosiyana pa zifukwa zawo. Alpine, imene cholinga chake ndi kuchepa, imagwiritsa ntchito ash ya mu BusyBox, yomwenso ndi mbadwa ya shell ya Almquist, ndipo bash siikidwamo pokhapokha munthu ataifuna. Foni iliyonse ya Android ili ndi kernel ya Linux ndi sh yake, yomwe ndi mksh, ya m'banja la KornShell. Kampani ya Apple, mu macOS Catalina ya 2019, inaika zsh kukhala login shell ya maakaunti atsopano, itasunga kwa zaka zambiri bash 3.2 yakale, yomwe ndi yomaliza kutuluka pansi pa laisensi ya GPL yachiwiri bash isanasamukire ku yachitatu. Kali Linux inachitanso chimodzimodzi mu 2020. Kusintha kwa Apple ndi Kali kunali kwa shell ya munthu, choncho sikunaswe ma script monga kunachitira kwa Ubuntu. Kufala kwa Docker, chida chopakira mapulogalamu pamodzi ndi mtundu wa Linux woti aziyendapo, kuyambira 2013 ndiko kunachititsa kuti kusiyanaku kufike kwa olemba mapulogalamu ambiri amene sanasamalepo za shell, chifukwa lamulo la RUN mu fayilo yake ya malangizo, Dockerfile, limadutsira pa /bin/sh ya mtundu umene wasankhidwa kukhala maziko, ndipo mzere womwewo ungayende pa Fedora, n'kukanika pa Debian kapena Alpine.

Kusokoneza ntchito ziwiri zija kumaonekeranso pa kanthu kena kamene kamapunthwitsa ophunzira kuyang'anira seva. Pa Debian ndi Ubuntu pali malamulo awiri opangira akaunti, adduser ndi useradd, ndipo loyambalo limapatsa munthu bash kukhala login shell yake, pamene lachiwirilo, likapanda kuuzidwa zina, limamupatsa /bin/sh. Kale, pamene sh inkaloza bash, kusiyanaku kunali kochepa, koma tsopano mwini akaunti yopangidwa ndi useradd amalowa n'kupeza dash, imene sikumbukira malamulo amene analemba kale, simalizitsa mayina a mafayilo, ndipo akadina batani la muvi imangolemba zizindikiro zachilendo pa sikirini. Ambiri amaganiza kuti seva yawonongeka, pamene chimene chachitika n'chakuti apatsidwa shell yopangidwira makina, ndipo lamulo limodzi la chsh limathetsa vutolo.

Malire a pakati pa sh ndi bash nawonso sanaime malo amodzi. Mu 2024 kunatuluka kope latsopano la muyezo wa POSIX, limene linalandira zina zimene kwa zaka zambiri zinkapezeka mu bash ndi KornShell koma osati mu muyezo, ndipo chodziwika kwambiri ndi pipefail. Malamulo angapo akalumikizidwa kuti zotuluka mu limodzi zilowe mu linzake, shell imaweruza kupambana kwa mzere wonse poyang'ana lamulo lomaliza lokha, kotero kuti loyamba lingalephere popanda script kudziwa; pipefail imachititsa kuti kulephera kwa lamulo lililonse mu mzerewo kuwerengedwe. Wolemba amene anaigwiritsa ntchito pansi pa /bin/sh mu 2006 anali wolakwa, pamene woigwiritsa ntchito lero ali ndi muyezo kumbali yake, komabe script yake ingakanike pa seva imene ili ndi dash yotuluka muyezowo usanasinthe, ndipo maseva otere amakhala pa ntchito zaka zambiri. N'chifukwa chake osamalira maphukusi amayesabe ma script awo ndi checkbashisms kapena ShellCheck, chida chimene Vidar Holen analemba, kenaka n'kuwayendetsa pa dash yeniyeni ya mtundu umene akuulembera, ndipo script imene ikufunadi array kapena mabulaketi awiriawiri amailembera /bin/bash pa mzere woyamba, popeza pa Debian ndi Ubuntu bash imaikidwa m'makina pamodzi ndi dash ndipo ingaitanidwe ndi dzina lake nthawi iliyonse.